Benz ya malemu bambo yazima pa Great East Road, ndi pampu ya mafuta kapena ndi china?

Lolemba

Bambo a Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto. Ndili ndi Mercedes-Benz 230E ya 1990, ija ya W124, imene anandisiyira malemu bambo. Inakhala pabwalo ku Chelstone, muno mu Lusaka, zaka ziwiri osayenda kuchokera pa maliro, mpaka mwezi wathawu pamene ndinaigulira batire ndi matayala. Yayenda bwino masabata atatu. Lero madzulo ndikuchokera m'tauni yangozima pa Great East Road nditangodutsa Munali. Sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini siikulira. Mnyamata wina wogulitsa pamsewu anagwada, n'kumenya pansi chakumbuyo ndi sipanala ya matayala, ine n'kutembenuza kiyi, galimoto n'kulira. Ndayenda pang'ono yazimanso, ndipo ulendo uno yakaniratu. Taikoka ndi chingwe mpaka kunyumba. Ndikufuna kupita nayo ku mwambo wa Kulamba ku Katete kumapeto kwa mwezi uno monga ankachitira bambo chaka chilichonse. Ndiyambire pati?

Dalaiva wa ku Chipata: Pepani achimwene. Ndi pampu imeneyo, musatayenso nthawi. Ikalira mutaimenya ndiye kuti yatha.

Wa Mawaya Kalingalinga: Akulu, musanagule kalikonse yambani mwamvera. Uzani munthu atembenuze kiyi osaliza injini, inu mugone pafupi ndi tayala lakumbuyo. Pampu yamoyo imang'ung'udza kwa kamphindi kenako n'kusiya. Ngati kuli zii, mwina ndi pampu, komanso mwina ndi relay yake, kaswichi kamene kamatumiza moto ku pampu. Pa W124 relay ya pampu ili kuseri kwa batire, ndipo ikakalamba mtovu wa m'kati umang'aluka. Ndaonapo anthu atatu akugula pampu yatsopano pamene vuto linali ka relay.

Dalaiva wa ku Chipata: Nanga relay imamva bwanji sipanala imene amenya kumbuyo, iyo ili kutsogolo?

Wa Mawaya Kalingalinga: Relay yong'aluka imagwira n'kusiya yokha. Munthu amamenya kumbuyo, galimoto n'kulira, iye n'kuganiza kuti ndi sipanala yake yachita. Sindikukana kuti ndi pampu. Ndikuti ayeze kaye.

Mdala wa ku Chilenje: Mwanawe wa mawaya wanena zoona. Bambo a Tiyamike, galimoto zimenezi ndazigwira kuyambira zili zatsopano, zina zinkamangidwa ku East London, ku South Africa. Ndikuuzeni mmene yanuyo inapangidwira kuti mudziwe chimene mukufufuza.

Thanki ili choimirira kuseri kwa mpando wakumbuyo, imalowa malita 70. Pampu siili m'kati mwa thanki ngati pa Corolla. Ili kunja, pansi pa galimoto, yobisika ndi chivundikiro cha pulasitiki, ndipo pamalo omwewo pali fyuluta ndi kachitini kena kotchedwa accumulator. Petulo amatsika yekha kuchokera m'thanki, kudutsa pa kasefa kali kunsi kwa thankiyo, n'kulowa m'pampu. Zina za 300E zili ndi mapampu awiri otsatizana, koma pa 230E kawirikawiri mupeza imodzi.

Mawa chitani izi. Zulani relay ija, pa soketi yake mulumikize mabowo a nambala 30 ndi 87 ndi kawaya kokhala ndi fyuzi. Pampu ikalira, vuto ndi relay kapena zimene zimaiuza kuti igwire. Ikapanda kulira, pitani pansi ndi tesita muone ngati moto ukufika pa timanati tiwiri ta pampu. Moto ulipo, waya wa bulauni wagwira bwino pa bodi, pampu ili chete, pamenepo ndiye tinganene kuti yafa. Musadumphe ndime.

Bambo a Tiyamike: Zikomo kwambiri amdala. Tesita ndilibe koma ndibwereka kwa aneba.

Wa Mawaya Kalingalinga: Ndikhoza kudutsa mawa m'mawa ndisanatsegule. Chelstone si kutali.

Bambo a Mapasa: Ndiloleni ndilowepo pang'ono, chifukwa ndikamva za petulo ndi kugona pansi pa galimoto thupi langa limachita tsembwe. Chaka chija magetsi ankazima tsiku lonse, mlamu wanga ankasintha paipi ya mafuta usiku pabwalo. Mayi a kunyumba anali ndi mbaula pakhonde, patali ndithu, ngati mayadi asanu. Petulo anatayika pang'ono chabe. Mpweya wake umayenda chapansipansi, sumauona. Unafika pa mbaula, moto n'kubwerera mpaka pansi pa galimoto. Anapsa mkono wonse wamanja ndi khosi, anagona m'chipatala mwezi ndi theka, ndipo mpaka lero zala ziwiri sizipinda. Chonde gwirani masana, panja, mbaula ndi fodya kutali, ana kutali. Ikani ndowa ya mchenga pafupi ngati mulibe chozimitsira moto. Ndiponso musalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Mdala wa ku Chilenje: Mawu amenewo asungeni. Ndionjezere kuti pa Benz iyi mukangozula paipi yaikulu yochokera ku thanki, petulo yense amakhuthukira pankhope panu, chifukwa thanki ili pamwamba. Muyenera kuipana paipiyo kapena kuyamba mwakhuthulira mafuta m'zigubu. Ndipo pomasula mapaipi waya wa batire akhale wochotsa.

Lachiwiri

Wa Mawaya Kalingalinga: Ndachokako ku Chelstone. Relay ili bwino, ndaitsegula, mtovu sunang'aluke. Talumikiza 30 ndi 87, pampu zii. Pa pampu pakufika 12 volts, waya wa bulauni ali bwino. Titaigogoda yalira mokhwekhwereza kwa kamphindi n'kuima. Yafa ndithu. A ku Chipata munalondola.

Dalaiva wa ku Chipata: Ndinanena dzulo. Koma achimwene, ndikuuzeni ngati m'bale wanu. Lero pampu, mawa china. Galimoto ya zaka zoposa 30 ndi ya kumangoidyetsa ndalama. Anzathu ambiri anachotsa injini za Benz n'kuikamo ya Toyota, ya Mark II kapena ya Cresta. Sipeya zake mumazipeza paliponse, ngakhale ku Nyimba kapena ku Petauke. Galimoto ikakuferani pa mapiri a Manenekela ndi injini ya Benz yakaleyo adzakuthandizani ndani?

aNabanda a ku Woodlands: Ayi achimwene, pamenepo ndakana. Munthu wadwala chala inu mukuti timudule mwendo? Injini ilibe mlandu. Ine ndili ndi BMW 528i ya E39, ndakhala nayo zaka zisanu ndi zinayi, ndimapita nayo ku Lundazi kwa amayi. Pampu yake inandiferapo kamodzi. Yanga ili m'kati mwa thanki, umachotsa mpando wakumbuyo n'kutsegula chivundikiro, ndiye ntchito yake ndi yosiyana ndi ya Benz iyi. Koma nditaika yoyenera sinandivutenso. Chimene chimapha galimoto izi muno mu Lusaka si ukalamba, ndi kuikamo zinthu zosakhala zake.

Bambo a Tiyamike: Achimwene a ku Chipata ndamva, ndipo ndikudziwa kuti mukunena mondifunira zabwino. Koma injini iyi sindiichotsa. Bambo ankaitsegula okha Loweruka lililonse, ine ndili mwana ndikuwagwirira tochi. M'kabuku kamene anasiya mu galimotomo analemba tsiku lililonse limene anasintha oilo. Ndikaikamo ya Toyota ikhala galimoto ina.

Dalaiva wa ku Chipata: Ndamva achimwene. Pa zimenezo sindingatsutse.

Junior wa ku Mtendere: Amalume, musavutike. Ndapeza pampu pa sitolo ina m'tauni, yatsopano m'katoni, akuti imalowa pa galimoto iliyonse. Mtengo wake sukufika ndi theka la ya Bosch imene munafunsa ija. Ndagula kale, ndibwera nayo madzulo tiike.

Mdala wa ku Chilenje: Mwanawe, pa katonipo alemba kuti mphamvu yake yokankhira mafuta ndi ma bar angati?

Junior wa ku Mtendere: Alemba 3 bar, agogo.

Mdala wa ku Chilenje: Usaitsegule m'pepala mwake, ukabweze mawa. Wachita bwino kuwaganizira amalume ako, koma pampu imeneyo si ya galimoto iyi. Ndifotokoze bwino chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera.

Galimoto za ku Japan zimene tazolowera zili ndi manozo a magetsi opopera petulo mu injini. Kompyuta ndi imene imawatsegula ndi kuwatseka, ndipo mphamvu ya mafuta ya 3 bar imawakwanira. Benz iyi ili ndi dongosolo la Bosch lotchedwa KE-Jetronic. Manozo ake alibe waya ngakhale mmodzi. Amatsegulidwa ndi kukankha kwa petulo weniweniyo, ndipo akatseguka amapopera mosalekeza. Pamwamba pa injini pali chimbale chimene mpweya umakankha, chimbalecho n'kusuntha kapisitoni m'kati mwa distribyuta ya mafuta, ija yotuluka timapaipi tachitsulo ngati miyendo ya kangaude. Zonsezi kuti ziyende pamafunika pakati pa 5.3 ndi 5.5 bar nthawi zonse, ndiponso petulo wochuluka wozungulira kubwerera ku thanki.

Pampu ya 3 bar ikhoza kuiliza galimoto pabwalo, inu n'kuomba m'manja. Koma mukaponda pa chitunda mafuta amachepa, injini imatsamwa, imaphulika kukamwa, ndipo ikamayenda ndi mafuta ochepa chonchi imatentha m'kati. Kenako wina amabwera n'kuyamba kupotokola kasikuluwu ka pa distribyuta kuti abise vutolo. Akagwira pamenepo ndiye mwalowa m'nkhalango. Ndalandirapo ma Benz ambiri otere, pampu yolakwika pansi, pamwamba posokonezedwa, mwini wake akuti galimoto za Ajeremani n'zovuta.

Junior wa ku Mtendere: Koma wa m'sitoloyo ananditsimikizira kuti waikapo pa ma Benz ambiri.

aNabanda a ku Woodlands: Mwanangu, wogulitsa sadzakhala nanu pa Luangwa galimoto ikadzazima. Mvera agogo ako. Safunsa anadya phula.

Junior wa ku Mtendere: Chabwino anti, ndikabweza. Lisiti ndili nalo.

Bambo a Tiyamike: Mphwanga usakhumudwe, Loweruka ubwere tidzagwire limodzi. Amdala, nanga yogwiritsidwapo kale ntchito? Pali munthu akuphwasula W124 ku Chawama, akuti andipatsa pampu yake motchipa.

Mdala wa ku Chilenje: Kwa ophwasula tengani zitseko, magalasi, nyali, ngakhale relay yapadera yosunga m'galimoto. Pampu ayi. Simudziwa kuti yakhala youma miyezi ingati, ndipo zaka zake ndi zomwezo za yanu yafayi. Gulani yatsopano ya Bosch kapena ya Pierburg. Tengani nambala ya chasisi ndi nambala yolembedwa pa thupi la pampu yakaleyo, muyende nazo m'masitolo a ku Panganani Road ndi ena a ma sipeya a galimoto za ku Ulaya. Ikasowa, oitanitsa ku Johannesburg alipo, imabwera pa basi. Muyang'anitsitse katoni ndi zolemba za pa pampu, zachinyengo zachuluka ndipo zina amazipenta bwino kwambiri. Yopepuka m'manja ikayikireni.

Koma funso limene palibe wafunsa ndi ili: n'chiyani chaipha pampuyo?

Bambo a Tiyamike: Si ukalamba?

Mdala wa ku Chilenje: Mwina. Koma mwanena kuti galimoto inaima zaka ziwiri. M'thanki munali mafuta ochuluka bwanji?

Bambo a Tiyamike: Pang'ono, nyali inali itayaka kale. Ndinangothiramo atsopano pamwamba pa akalewo. Ndipo kunena zoona masabata atatuwa ndakhala ndikuthira a tsiku limodzi limodzi, mukudziwa mmene mtengo wa petulo ulili.

Mdala wa ku Chilenje: Ndiye mlandu uli pamenepo. Thanki yachitsulo ikakhala yopanda kanthu dzinja ziwiri imachita thukuta m'kati, madzi n'kukhala pansi, dzimbiri n'kuyamba. Petulo wakale nayenso amasanduka ngati ulimbo. Zonsezo zimakatseka kasefa ka kunsi kwa thanki. Pampu imafuna petulo wodutsa m'kati mwake kuti izizire ndi kutereretsa tizitsulo take. Kasefa kakatsekeka imakoka movutika, imatentha, imayamba kulira mokweza ngati njuchi, mapeto ake ndi amene mwaonawa. Mukaika yatsopano osatsuka thanki, muikanso ina chaka chisanathe.

Bambo a Tiyamike: Kulira ngati njuchiko ndinkakumva kumbuyo sabata yatha. Ndinkayesa ndi mmene imalirira.

aNabanda a ku Woodlands: Za kuthira pang'onopang'onozo tonse timachita, ndalama ndi zovuta. Chimene ndinaphunzira ine n'chakuti mafuta amene galimoto imamwa ndi omwewo, kaya thanki ili pa kota kaya ili pansi. Vutikani kamodzi kuikweza kufika pa kota, kenako muzithira a tsiku ndi tsiku pamwamba pake. Ndalama yotuluka ndi yomweyo koma pampu siikoka mpweya pokhota.

Loweruka

Bambo a Tiyamike: Ndikupatseni lipoti. Pampu ya Bosch ndinaipeza Lachinayi, pamodzi ndi fyuluta, kasefa ka thanki ndi mphira wake, paipi yaikulu ija, ndi mawashala a kopa atsopano monga ananenera amdala pa foni. Ndalama yapita yambiri, mayi a Tiyamike anangoti chitani, ndi ya apongozi. Junior anabweza yake ija, anam'dula pang'ono koma zambiri anam'patsa.

Tinakankhira galimoto pa dzenje la aneba. Tinakhuthula mafuta onse m'zigubu ziwiri. Abale, zimene zinatuluka! Petulo wofiirira ngati tiyi, pansi pa chigubu madzi ndi timiyala ta dzimbiri. Kasefa kanavuta kumasula, nati yake ndi yaikulu, tinachita kukabwereka soketi ku galaja. Titakatulutsa sikankaoneka n'komwe mawaya ake, kanali phala lokhalokha. Ndinakaika padzuwa kuti ndione ngati kuwala kudutsa, sikunadutse. Paipi yaikulu inali yofewa ngati nthochi yakupsa, ndipo ina yaing'ono inathetheka titangoipinda. Tatsuka thanki katatu ndi petulo woyera mpaka wotuluka anayera.

Bambo a Mapasa: Mbaula inali kuti?

Bambo a Tiyamike: Lero kunyumba sanaphike mpaka titamaliza, akulu. Mchenga unali pambali, batire titachotsa.

Mdala wa ku Chilenje: Mwachita bwino. Fyuluta mwaiika molondola? Ili ndi muvi wosonyeza kumene mafuta akupita. Mawaya a pampu musasinthanitse, wa bulauni pa minus. Timphira timene pampu imalendewerapo ngati tatha sinthani, apo ayi muzidzamva kulira kwake m'galimoto monse. Pomanga nati ya pa mawashala a kopa gwirani ndi masipanala awiri, musapotokole paipi yachitsulo. Mukamaliza musathamangire kuliza injini. Lumikizani 30 ndi 87 pampu izungulire yokha, inu muli pansi ndi nsalu youma mukupukuta polumikiza paliponse. Pakangonyowa, zimitsani.

Junior wa ku Mtendere: Agogo, panadontha pamodzi, pa fyuluta. Tinali titabwezera washala mmodzi wakale chifukwa watsopano anagwera m'dzenje. Tamupeza, tasintha, pauma.

Wa Mawaya Kalingalinga: Geji ya mphamvu ya mafuta ndilibe, koma tayeza ndi botolo monga anandiphunzitsira amdala. Tamasula paipi yobwerera ku thanki, taloza m'botolo, yadzaza lita imodzi masekondi 40 asanakwane. Ndachotsa kawaya kanga, ndabwezera relay. Yalira kamodzi.

Dalaiva wa ku Chipata: Mwaiyendetsa?

Bambo a Tiyamike: Tapita mpaka ku Chongwe ndi kubwerera. Ikukoka kuposa kale, ndipo kumbuyo kuli chete. Pobwerera Junior ndi amene amayendetsa. Ndinakhala kumbuyo kumanzere kumene ankakhala amayi, sindinayankhule mpaka pa Silverest.

Koma pali kanthu kamodzi. Titaima ku Chongwe kugula madzi kwa mphindi ngati 20, inavuta kulira. Sitata inazungulira nthawi yaitali ndithu isanagwire. M'mawa ili yozizira inalira msanga. Kodi pampu yatsopanoyi ili ndi vuto?

Mdala wa ku Chilenje: Pampu ilibe mlandu. Mukazimitsa injini yotentha, mafuta ayenera kukhala opanikizika m'mapaipi kwa nthawi ndithu. Mphamvuyo ikathawa msanga, petulo wa pamwamba pa injini amawira n'kusanduka mpweya, ndiye sitata imayamba yathamangitsa mpweyawo. Zosunga mphamvuyo ndi kavalavu ka pakamwa pa pampu ndi accumulator ija. Kavalavu kabwera katsopano ndi pampu?

Bambo a Tiyamike: Eya, kanali kale pa pampupo. Accumulator sitinaigwire, ndi yakale yomwe ija.

Mdala wa ku Chilenje: Ndiye ndikuikayikira imeneyo. M'kati mwake muli mphira ndi sipuling'i, mphirayo ikabooka siisunganso kanthu. Manozo odontha amachitanso zomwezo, n'chifukwa chake sindikufuna kuti mugule musanayeze. Bwerani nayo ku Chilenje Lachiwiri m'mawa, geji ndili nayo. Tiona mphamvu injini ikulira, tizimitse, tidikire theka la ola tione pamene muvi waima.

aNabanda a ku Woodlands: Ndipo musaiwale kuti dzimbiri silitha ndi kutsuka kamodzi. Katete ndi pafupifupi makilomita 500, msewu wa zitunda, mafuta azikhuchumuka m'thanki njira yonse. Ine ndikanakhala inu ndikananyamula fyuluta ina m'buti, ndipo pobwerako ku Mkaika, kumene kumachitikira Kulamba, ndikanatsegulanso kasefa kuona.

Mdala wa ku Chilenje: Amayi anena zoona. Fyuluta, mawashala anayi, fyuzi, ndi kawaya kaja ka 30 ndi 87. Relay yapadera mukaitenge kwa wa ku Chawama uja, koma muiyese pa galimoto yanu musanalipire.

Dalaiva wa ku Chipata: Achimwene, ine ndinyamuka Lachinayi la sabata ya Kulamba, 5 koloko m'mawa, ndi minibasi ya banja. Tiyendere limodzi, inu patsogolo ine pambuyo. Chingwe chokokera ndili nacho, koma ndikufuna ndiione Benz ya malemu bambo anu ikukwera Manenekela yokha. Mudzathire fulu thanki muno, tikaonjezere ku Nyimba.

Bambo a Tiyamike: Zikomo achimwene, tidzakumane pa Chelstone pamsewu waukulu. Amdala, Lachiwiri ndifika 8 koloko. Accumulator ndiyambe ndafunsa mtengo kapena ndidikire?

Mdala wa ku Chilenje: Funsani mtengo koma musalipire. Mubwere ndi kabuku ka bambo anu kaja, ndikufuna ndione ngati analembamo tsiku limene anasintha manozo.